Kuformat Kompyuta si Kuikonza

Pali mau amene awononga zinthu zambili mu Lusaka muno kupambana ma virus onse kuwaika pamodzi. Mau ake ni aya: "Ifunika cabe format." Tonse tinawamvapo. Laptop yayamba kucedwa kuyaka, nyimbo iima pakati, mukatsegula foda mudikila monga muli mu basi ya pa Kulima Tower imene siinyamuka isanadzale. Ndiye muinyamula kupita nayo m'tauni. Mnyamata wa pa kashopu aiyatsa, aiyang'ana mphindi ziwili, apukusa mutu monga dokota amene waona matenda aakulu, kenako ati, "Ba boss, iyi ifunika cabe format, mubwele mailo." Mailo lake muitenga ili na Windows yatsopano, cithunzi cokongola ca mapili pa screen, na mapulogilamu ena khumi amene simunapemphe. Mulipila, muyamika, mupita ku nyumba muli okondwa. Koma funso lakuti cinadwala n'ciani palibe amene walifunsa.

Ife ndife odzipeleka pa wailesi ya m'dela, ndipo nkhani iyi tiikamba cifukwa inatiluma. Pa siteshoni pali kompyuta imodzi youlutsila mau, ndipo iyo siigwidwa-gwidwa. Nchito yodula na kulumikiza mapulogilamu timaicitila ku nyumba, aliyense pa laptop yake. Caka cina tinayenda m'komboni mwathu kujambula mau a nkhalamba zimene zinabwela m'tauni dziko lino likali kuchedwa Northern Rhodesia. Ambuye ena aamuna anatisimbila mmene anali kuyendela na citupa m'thumba, na mmene komboni inayambila pa malo amene panali thengo lokha-lokha. Ambuye ena aakazi anatiimbila nyimbo za pa mtondo mpaka mau anasasa. Zonse pamodzi zinakwana maola 12, ndipo zonse zinali mu laptop imodzi ya mmodzi wa ife.

Laptop ija inayamba kuima-ima. Tinaipeleka ku kashopu kena, tinauzidwa mau aja, ndipo tinavomela. Mnyamata anatilimbitsa mtima kuti, "Musade nkhawa, mafailo anu onse naika ku D." Kwa milungu itatu inayenda bwino ndithu. Tsiku lina usiku inayamba kulila cakuti tik, tik, tik, monga nkoloko ya pa cipupa. M'mawa mwake screen inali yakuda, na mau ocepa okamba kuti siipeza poyambila. C inapita, D nayo inapita. Ambuye aamuna aja anamwalila caka cotsatila, ndipo pa malilo ana ao anatifunsa ngati tingawapatseko mau a atate ao. Tinayang'ana pansi.

Mnyamata uja tidzamunena, koma coyamba timvetse cinthu cimene timanyamula m'cola tsiku lililonse. Hard drive ya mtundu wakale, imene ikali m'ma laptop ambili a salaula amene timagula, ni kamakina koyenda. Mkati muli mbale zopyapyala zimene zimazungulila maulendo 5,400 pa mphindi imodzi, zina 7,200. Ndiye kuti maulendo 90 kapena 120 pa sekondi iliyonse. Pamwamba pa mbale pamayandama kamutu kowelenga na kulemba, osakhudza mbale, koma pafupi kwambili cakuti tsitsi lanu ni lonenepa kuwilikiza masauzande poyelekeza na mpata umenewo. Manje ganizilani mmene timaiponyela laptop pa bedi ikali yoyaka, mmene timainyamulila na dzanja limodzi kucoka pa sitting room kupita ku cipinda filimu ikali kusewela, na mmene imagundila pa mipando ya minibasi titangotseka civundikilo osaizimitsa. Kamutu kaja kakakhudza mbale, kamakanda. Pokandika paja, zimene zinalembedwapo zapita.

Mbale izo zinagawidwa m'tuzigawo tung'ono-tung'ono. Kacigawo kamodzi kakayamba kuonongeka, hard drive imayesa kukawelenga mobweleza-bweleza, ndipo nthawi imeneyo kompyuta yonse imaima kudikila. Uku ndiye kuima-ima kumene kunaticititsa kupita ku shopu. Format siingabwezele malo okandika pa mbale. Format ya msanga, imene ambili amacita, imangocotsa kaundula woonetsa kumene failo iliyonse ili, monga kung'amba tsamba la za m'kati kutsogolo kwa buku. Ndipo kuikamo Windows yatsopano kumakakamiza hard drive yodwala kale kulemba ma GB ambili kwa ola lathunthu kapena kuposelapo. Munthu wodwala mtima mwamutuma kukatapa madzi ku kiosk na zigubu ziwili.

Za D nazo tizikambe poyela, cifukwa bodza ili lapha ambili. M'ma laptop ambili, C na D ni hard drive imodzi imene anaigawa pawili. Zili ngati nyumba ya cipinda cimodzi imene mwaikamo keteni pakati. Denga likagwa, siligwela mbali imodzi ya keteni. Kuika zinthu ku D kumakuthandizani ngati Windows yokha ndiyo yasokonezeka, basi. Hard drive ikafa, zonse zimafela pamodzi.

Tisaname, format nthawi zina imathandiza. Ngati kompyuta yadzala na tumapulogilamu toyamba tokha poyatsa, kapena virus yazika mizu, kuyambilanso kumaipeputsa, ndiye cifukwa cake anthu amaikhulupilila. Cimene tikana ni kupeleka mankhwala amodzi ku matenda onse osapima. Ndipo kupima kwake si kovuta, kapena kodula. Hard drive iliyonse ya masiku ano imasunga yokha mbili ya umoyo wake, m'dongosolo lochedwa SMART. Pali kapulogilamu kaulele, CrystalDiskInfo, kamene kamawelenga mbili imeneyo m'masekondi ocepa. Kakaonetsa buluu na mau akuti Good, palibe cimene kaona. Kakaonetsa cikasu na mau akuti Caution, yang'anani mizela iwili, Reallocated Sectors Count na Current Pending Sector Count. Woyamba ukuuzani tuzigawo tumene tunafa kale n'kulowedwa m'malo, waciwili tumene tukayikitsa. Manambala amenewo akayamba kukwela mlungu na mlungu, lekani zonse, kopelani mafailo anu lelo lomwe. Mnyamata wa pa shopu uja akanatsegula kapulogilamu aka, mwina akanaona cikasu tisanalipile ngwee iliyonse. Ise tikanadziwa, tikanakatsegula tekha ku nyumba.

Kapulogilamu komweko kamaonetsanso maola amene hard drive yakhala ikugwila nchito, pa mzela wa Power On Hours. Caka cimodzi cili na maola 8,760. Wogulitsa akakuuzani kuti laptop ni "yatsopano pang'ono, inali ya mzungu wa mu ofesi," imwe muone nambala iyo musanatulutse ndalama. Mukapeza 30,000, gawani mweka.

Koma buluu nayo isakugonetseni tulo. Mu 2007, akatswili a ku Google anafalitsa zimene anapeza atafufuza ma hard drive oposa 100,000 a m'makompyuta ao. Anaona kuti hard drive ikangoonetsa vuto loyamba powelenga mbale zake, mpata wakuti ife m'masiku 60 otsatila unali waukulu kuwilikiza ka 39 kuposa wa inzake yopanda vuto. Conco cenjezo likabwela, ni la zoona. Koma anapezanso kuti pa ma hard drive 100 alionse amene anafa, pafupi-fupi 36 anafa SMART isanakambe kalikonse. Ndipo ao anali ma hard drive okhala m'zipinda zozizilitsidwa, malaiti osazima, opanda mwana wowathila Maheu.

Athu akhala mu fumbi la mu August na kutentha kwa mu October. Timaika laptop pa bulangeti, tumabowo totulutsila mphepo totsekeka, fan ilila monga cigayo, ife tili phee kuonelela mpila. Ndiye pali nkhani ya malaiti. Mu 2024, madzi atacepa ku Kariba cifukwa ca cilala, tonse tinaphunzila kukhala maola ambili pa tsiku mu mdima. Malaiti akazima kompyuta ili pakati polemba failo, failo iyo imatsala yoduka, ndipo nthawi zina kaundula wonse umasokonezeka. Amene ali na desktop yopanda UPS adziwa. Koma na imwe amene laptop yanu batili inafa kale-kale, imene imazima mukangogunda charger na phazi, muli m'gulu lomwelo. Batili yatsopano kwa imwe ni yofunika kuposa speaker ya Bluetooth imene mufuna kugula. Malaiti akazima, zulani pulagi ku cipupa, cifukwa pobwela nthawi zina amabwela na mphamvu yopitilila.

Kaundula akasokonezeka conco, Windows ili na cida cake cochedwa chkdsk cimene cimakonza zolakwika zotelo. Ni cabwino pa hard drive yamoyo. Koma ngati yanu yayamba kale kulila tik, tik, musaiyendetse chkdsk yofufuza mbale yonse, cifukwa imatenga maola ndipo ingaimalizitse. Musaiike mu fridge monga amakambila ena pa YouTube. Musaitsegule na screwdriver kuti muone mkati, kafumbi kamodzi n'kokwanila kukanda mbale. Izimitseni, ndipo ikayakanso, nchito yoyamba ni kukopela zofunika kwambili, kuyambila pa zimene simungazipezenso kwina kulikonse.

Gulu lina limene litikwiyitsa ni la anzathu amene amati amaisamalila kompyuta, koma kusamalila kwao ni mwambo cabe. Sabata iliyonse atsegula ka "cleaner" kapena ka "booster" kamene anatenga pa intaneti, kawauza kuti kapeza mavuto 2,000, adina batani, mavuto onse atha, mtima m'malo. Palibe cimene cacila. Microsoft yeniyeniyo inakamba poyela kuti siicilikiza mapulogilamu oyeletsa registry. Ndipo olo pulogilamu yodziwika ingakubweletseleni tsoka: mu 2017, akuba a pa intaneti anabisa virus mkati mwa CCleaner yeniyeni, ndipo anthu oposa 2 miliyoni anaiika m'makompyuta ao na manja ao, poganiza kuti ayeletsa. Nanga ka crack kamene munapatsidwa pa flash na mnzanu wa ku koleji? Ngati vuto ni malo, Windows ili kale na Disk Cleanup na Storage Sense, zaulele. Mzela wa C ukafiila, ndiye kuti malo otsala acepela pa gawo limodzi mwa magawo khumi. Cotsani ma series amene munatsiliza kuonelela mu 2021, osafuna-funa mankhwala a matsenga.

Defrag nayo ni mwambo wa makolo umene tikali kuulemekeza. Kale inali na phindu lake, cifukwa failo imodzi imamwazikana m'malo osiyana-siyana pa mbale, ndipo kuisonkhanitsa kumacepetsa maulendo a kamutu kaja. Koma kuyambila pa Windows Vista, kompyuta imacita yokha nchito iyi mlungu uliwonse. Ngati muli na SSD, imene ilibe mbale kapena ciliconse coyenda, kuikakamiza defrag na mapulogilamu a kunja kumangoidya moyo, cifukwa SSD ili na malile a kuculuka kwa zimene ingalembe. Windows imaidziwa SSD ndipo imaisamalila m'njila ina yochedwa TRIM. Isiyeni icite nchito yake. Wina akakulipilitsani ndalama ya "defrag na service," wakugulitsani mphepo.

Conco pa zonse zimene timacha kusamalila hard drive, cimodzi cokha n'cimene cikanapulumutsa mau a ambuye aja: kukhala na kope ina kwina. Hard drive iliyonse idzafa, ya mtengo wapatali na yochipa yomwe, ndipo SSD ikafa kambili siilila n'komwe, imangozima. Wojambula zithunzi wina wa ku America, Peter Krogh, anachukitsa lamulo losavuta la 3-2-1: makope atatu a cinthu cofunika, pa zosungila za mitundu iwili, ndipo kope imodzi ikhale kutali na nyumba. Mbali yothela iyo ife a m'komboni tifunika kuimvetsa kuposa aliyense. External drive imene ikhala m'cola cimodzi na laptop idzabedwa pamodzi na laptop. Imene ikhala pansi pa bedi ku Kanyama idzamila pamodzi na bedi mvula ya mu January ikakwiya.

Tidziwa yankho imene ibwela: "External ni yodula, mabundle ni odula." Zoona, ndalama ni yovuta, ise odzipeleka sitilandila malipilo ndipo tiidziwa bwino nkhani iyo. Koma tiyeni tiwelengele. Mphindi imodzi ya mau mu MP3 wamba imatenga pafupi-fupi 1MB. Maola athu 12 aja sakanakwana na 1GB yomwe. Olo mu WAV, imene imadya pafupi-fupi 10MB pa mphindi, akanalowa mu flash imodzi ya 8GB. Aliyense amene ali na Gmail ali na 15GB yaulele ku Google, yogawana pakati pa makalata, Drive na zithunzi. Vuto lathu n'lakuti tikamva "backup" timaganiza zokopela 500GB yonse, mafilimu a ku Korea na ma mix a DJ pamodzi, ndiye tigwa ulesi. Mafilimu mudzawapezanso. Zimene simudzazipezanso ni zocepa: dissertation, ma certificate amene munacita scan, ma project a nyimbo zimene munapanga mweka, mabuku a ka bizinesi, zithunzi za amai anu. Kwa ambili a ife, zonse izo zingakwele pa intaneti na bundle imodzi ya usiku. Ndipo tisanamizane, bundle ya TikTok na ya kubecha mpila siisowa.

Ena amati, "Zithunzi zanga zonse zili pa WhatsApp na pa Facebook." Zimene zili kumeneko ni zithunzi zofinyidwa, zocepetsedwa kuti ziyende msanga. Tsiku limene mudzafuna kusindikiza cithunzi cacikulu ca pa malilo kapena ca pa cikwati ndiye mudzaona nkhope zosaoneka bwino. Ngati mufuna kutumizila mlongo wanu ku Kitwe kope yeniyeni kuti akusungileni, itumizeni monga document. Ndipo akaunti ingabedwe, nambala ya foni ingatayike.

Flash nayo muicenjelele. Pali ma flash abodza olembedwa 64GB kapena 128GB pamene mkati muli malo ocepa kwambili. Amaonetsa monga alandila zonse, koma mukadzatsegula mupeza mafailo osatseguka. Kapulogilamu kaulele ka H2testw kamadzaza flash yonse na kuiwelenganso, ndipo bodza limaonekela pomwepo. Cinanso, flash imene yapita ku internet cafe kukasindikiza CV kambili imabwela na ka virus kamene kamasandutsa mafoda onse kukhala ma shortcut. Apa napo anthu amathamangila format, kumafafaniza zinthu zimene zikalimo. Mafailo amakhala angobisidwa. Mukacotsa virus na antivirus, lamulo la attrib -h -r -s /s /d mu Command Prompt, mutalowa pa cilembo ca flash yanu, limawabweza poyela. Ndipo ngati mwaformat mwangozi flash kapena hard drive ya mbale, musalembemo ciliconse catsopano. Mapulogilamu monga PhotoRec na Recuva kambili amabweza zambili, malinga ngati simunalembe pamwamba pake. Ici cikutanthauzanso kuti amene mwamugulitsa laptop yanu pambuyo pa format ya msanga angabweze zithunzi zimene munaganiza kuti zinapita. Ganizilani bwino zimene zinalimo.

Kope nayo ifunika kuiyesa. Mu 1998, ku kampani ya Pixar, munthu wina analemba lamulo lolakwika ndipo mbali yaikulu ya filimu ya Toy Story 2 inafafanizika anthu akuona. Atathamangila ku backup, anapeza kuti inali itasiya kale kugwila bwino nchito popanda wina kudziwa. Cinawapulumutsa ni mai wina wa pa nchitopo, Galyn Susman, amene anali kugwilila nchito ku nyumba cifukwa anali na khanda, ndipo anali na kope pa kompyuta yake. Anaikulunga m'mabulangeti n'kuinyamula pa motoka mosamala monga wodwala. Ngati kampani ya ndalama zotelo inagwa mu dzenje ili, imwe tsegulani external yanu kamodzi pa mwezi, sewelani failo imodzi, tsegulani cithunzi cimodzi, muone na maso anu kuti zilimo.

Manje kwa imwe abale athu a m'tumashopu twa m'tauni na m'makomboni. Tidziwa kuti lendi ya ka stand ni yowawa, ndipo format ni ndalama ya msanga: muika flash, mudina Next, mutumikila kasitomala wina. Tidziwanso kuti pakati panu pali amisili enieni amene amagona mocedwa kupulumutsa mafailo a munthu. Koma ambili a imwe mudziwa SMART, mudziwa kuti C na D ni mbale imodzi, ndipo mumakhala cete cifukwa kasitomala sanafunse. Amai amene abweletsa laptop ya mwana wao wa ku UNZA sadziwa cofunsa. Kuwauza kuti "hard drive iyi ili pafupi kufa, tiyeni tikope zinthu coyamba" kumatenga mphindi imodzi, ndipo mungawagulitse SSD na kulipilitsa nchito yosamutsa mafailo, ndalama yoposa ya format. Mukawabisila, adzabwelanso pakapita milungu itatu na laptop yakufa, ndipo mudzawauza kuti ni tsoka.

Mwezi watha laptop ya mnzathu wina wa pa siteshoni inayamba kuima-ima pakati pa kudula pulogilamu ya acinyamata. Tinatsegula CrystalDiskInfo, cikasu. Usiku womwewo tinakopela mafoda a mau ku external ya siteshoni, ndipo ofunika kwambili tinawakweza ku Drive. M'mawa tinapita m'tauni, ku shopu ina. Mnyamata anaiyatsa, anaiyang'ana pang'ono, anayamba kupukusa mutu. Tisanamulole kutsegula pakamwa tinamuonetsa cithunzi ca screen ya cikasu pa foni, n'kumuuza kuti tifuna SSD, ndipo hard drive yakale atibwezele m'manja osaiformat. Anatiyang'ana, anaseka, ati, "Ah, ba boss, kansi mudziwa." Hard drive yakale ija tinaiika mu kabokosi ka USB, ndipo tikali kukopamo zotsala pang'ono-pang'ono pamene ikali kuzungulila.